GM akonzekere bwanji gemu? Njira zisanu, ndi zomwe zimatsala osewera akapotoka

Ma GM atsopano (GM ndi Game Master, woyendetsa gemu ya pa tebulo momwe aliyense amasewera ngati character wa m'nkhani) amakonda kufunsa kuti tisewere chani, D&D kapena Pathfinder kapena Call of Cthulhu, ndipo funsoli ndi labwino ndithu, koma chomwe ndimaona chikupha ma campaign ambiri, magemu aatali oseweredwa masiku ambiri, ndi china: nthawi yochepa yomwe muli nayo pakati pa session (tsiku lokumana kusewera) ndi session mukuithera pa chani. Osewera, olo akhale anthu ofatsa bwanji, adzachita zomwe simunaziganize. Mwajambula nyumba yonse ya mfumu, zipinda zake, alonda ake, khomo lobisika, ndiye iwowo angogwirizana kuti apite kukafufuza mchimwene wake wa wogulitsa mahatchi amene munangomutchula pongodutsa. Ndiye njira iliyonse yokonzekera ndimaiyeza ndi zinthu ziwiri basi. Osewera akapotoka, pa zomwe munakonza zija patsala zingati zogwira ntchito? Ndipo inuyo mungakwanitse kukonzekera choncho kwa miyezi ingati musanatope?

Tiyambe ndi pomwe ambiri amayambira, adventure yolembedwa kale. D&D inatuluka mu 1974, ntchito ya Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo sipanapite zaka zambiri kampani ya TSR inayamba kugulitsa timabuku ta ma adventure, ngati The Keep on the Borderlands ya 1979 yomwe anthu osawerengeka anaphunzirirapo u GM. A masiku ano ambiri anayambira pa Lost Mine of Phandelver, kabuku ka masamba 64 komwe kanabwera mu Starter Set ya 2014, kotenga ma character kuchoka level 1 kufika 5. Ubwino wake ndi woonekeratu. Mapu alipo, manambala a zilombo alipo, mayina a ma NPC (anthu a m'nkhani omwe GM amawasewera) nthawi zambiri alipo, ndipo wina anaganizira kale kuti nkhondo iyi gulu la level 2 lingaipirire kapena ayi. Kwa munthu amene akulimbanabe ndi malamulo, amene mpaka pano amaiwala kuti saving throw (dayisi yodzipulumutsira ku ngozi) amaponya ndani, kuchotseredwa katundu ameneyu ndi chinthu chachikulu kwambiri.

Koma musanamizidwe kuti buku limachepetsa ntchito nthawi zonse. Curse of Strahd ya 2016 ili ndi masamba 256, ndipo kuti muiyendetse bwino mukuyenera kudziwa kuti munthu amene osewera akumana naye m'chaputala choyambirira ali pa ubale wanji ndi wina yemwe ali kumapeto kwa buku, apo ayi mudzanena chinthu lero chomwe chidzatsutsana ndi buku mwezi wamawa. Zomwe mwalemba nokha zimakhala m'mutu, zolemba wina mumachita kuziloweza. Ndipo pa tebulo palibe chomwe chimaziziritsa gemu ngati GM kuweramira m'buku mphindi zitatu akusaka tsamba, kapena kuwerenga mokweza ndime yaitali yofotokoza chipinda anthu atayamba kale kugwira mafoni.

Chofunika kuona musanasankhe buku ndi mmene linamangidwira. Ena ndi mabuku a malo: nali linga, nawa mapanga, muli zakutizakuti, chitani zomwe mukufuna. Keep on the Borderlands ndi yotero, ndipo osewera akapotoka palibe chimawonongeka chifukwa panalibe mzere woti autsate. Ena ndi mabuku a nkhani, chochitika choyamba kenako chachiwiri kenako chachitatu. Ma adventure a Dragonlance omwe anayamba mu 1984 ndiwo amatchulidwa kwambiri pa nkhani imeneyi, mpaka anali ndi lamulo loti munthu wofunika pa nkhani akafa nthawi yake isanakwane, imfa yake ikhale yosadziwika bwino, mtembo usapezeke, kuti adzathe kutulukiranso kutsogolo. Buku la mtundu woyamba limakhululuka, la mtundu wachiwiri limafuna kuti mulimbe mtima nkumaling'amba, kutenga mapu apa, NPC apo, zina nkutaya.

Njira yachiwiri ndi yomwe imakopa anthu okonda kulemba, ndipo ndikuimvetsa chifukwa chake. Mumakhala pansi nkulemba nkhani yanu yonse, kuyambira pomwe ma character akumana, kudzera pomwe mnzawo wokhulupirika awapereka kwa adani, mpaka nkhondo yomaliza pamwamba pa nsanja mvula ikugwa. Osewera amaitcha railroad, njanji, chifukwa sitima imangopita komwe zitsulo zikupita. Si kuti ndi yoipa paliponse ayi. Pa gemu ya tsiku limodzi, maola anayi basi ndipo anthuwo mwina sadzakumananso, mzere wowongoka umathandiza kuti nkhani ifike kumapeto nthawi isanathe. Palinso osewera ena amene amakonda kutsogoleredwa, amabwera atatopa ndi ntchito ndipo akungofuna wina awauze komwe kuli chilombo. Ngati munakambirana poyera kuti iyi ndi nkhani ya mzere umodzi ndipo onse avomera, palibe wolakwa.

Vuto limabwera pa campaign yaitali, chifukwa njira imeneyi ndi yomwe imasweka msanga kuposa zonse. Mwathera mausiku angapo pa chochitika cha kuperekedwa chija, ndiye wosewera mmodzi watcheru wamukayikira mnzawo uja session yachiwiri yomwe nkumumanga. Apa GM amayesedwa. Ambiri amayamba kuteteza zolemba zawo: chingwe chimaduka chokha, alonda amatulukira pomwe panalibe alonda, dayisi yomwe yaponyedwa kuseri kwa screen yotchinga ya GM imasinthidwa nambala mwakachetechete. Kapena chinyengo china chodziwika bwino chija, msewu wagawika pawiri, osewera akambirana mphindi khumi kuti apite kumanzere kapena kumanja, koma chilombo chomwe munakonza chikawadikira mbali iliyonse yomwe asankhe. Kamodzi sangazindikire. Koma anthu si opusa, pakapita ma session angapo amayamba kumva m'thupi kuti zosankha zawo sizikusintha kanthu, ndipo akangomva choncho amasiya kuganiza, amangodikira kuti muwauze poponyera dayisi. Tebulo lotero limakhala chete mwa mtundu woipa.

Pa zosintha madayisi mobisa maganizo anga ndi olimba: ngati simungalandire zomwe dayisi inene, musaiponye. Mungonena chomwe chachitika. Ndipo ngati mwaponya, ikhale choncho. Ndikudziwa ma GM abwino amene amatsutsana nane apa, amati kupulumutsa character wa munthu watsopano ku imfa yopanda tanthauzo ndi chifundo, ndipo mfundo yawo ndimaimva. Koma pali njira zina zoonekera zochitira chifundo chomwecho, adani atha kumugwira nkumutenga ukapolo, atha kufuna dipo, atha kuthawa ndi katundu wake, ndipo zonsezi zimabala nkhani yatsopano osanamiza munthu aliyense.

Pomwe njanji imapweteka kwambiri ndi pa nkhani zofufuza. Call of Cthulhu, yomwe Chaosium inatulutsa mu 1981, imaponyetsa d100 (madayisi opereka nambala ya 1 mpaka 100), ndipo ngati nkhani yonse yadalira kalata imodzi yobisika pansi pa kabati, wosewera waponya Spot Hidden (luso loona zobisika) nkulephera, basi gemu yaima. Justin Alexander analemba mu 2008 lamulo lomwe ma GM ambiri amalitsata, loti pa chinthu chilichonse chomwe mukufuna osewera azindikire muike ma clue osachepera atatu. Masamu ake ndi osavuta. Ngati mwayi wopeza clue iliyonse ndi theka, clue imodzi idzaphonyedwa kamodzi pa kawiri, koma kuphonya onse atatu ndi kamodzi pa 8. Robin D. Laws ndi GUMSHOE, malamulo ake a magemu ofufuza, anangodula vutolo pamuzu: ngati character ali pamalo oyenera ndipo ali ndi luso loyenera, clue yofunikayo amaipeza popanda kuponya, chifukwa chosangalatsa ndi kumasulira zomwe mwapeza. Njira ya Laws mutha kuibwereka mu gemu ina iliyonse popanda kusintha malamulo ena.

Mbali inayo kuli sandbox, komwe GM amamanga dziko nkuwasiya osewera ayende okha. Mtundu wake wakale ndi hexcrawl, mapu ogawidwa m'timabokosi ta ngodya zisanu ndi imodzi, kawirikawiri kabokosi kalikonse mamailosi 6, ndipo GM amalemba zomwe zili mu tina mwa timabokosito komanso ma table a zinthu zongokumana nazo panjira. The Isle of Dread ya 1981 inkapatsa osewera mapu a chilumba oonetsa gombe lokha, pakati ponse poyera, kuti adzaze okha akamayenda. Apa kupotoka kulibe chifukwa kulikonse komwe apite ndi gemu. Ndipo chisangalalo chomwe osewera amakhala nacho akapeza chinthu chomwe akudziwa kuti akanatha kuchiphonya, kuti chinalipo kale asanafike ndipo palibe anawakankhira, sichipezeka mu njira zina zija.

Mtengo wake ndi ntchito yambiri kumayambiriro, ndipo ma GM ochuluka amathera pompo. Amayamba kujambula makontinenti, mbiri ya zaka zikwi zitatu, mayina a milungu, ndiye miyezi ikudutsa gemu sinayambe. Sizikufunika zonsezo. Mudzi umodzi, malo atatu kapena anayi oyandikira omwe ali ndi zoopsa ndi chuma, mphekesera zingapo zoti anthu a m'mudzimo azinena, zina zoona zina zabodza, mwayamba. Zotsalazo muzimanga kutsogolo kwa mapazi awo.

Vuto lachiwiri la sandbox ndi osewera eni ake. Mukawauza anthu ozolowera njanji kuti chitani chilichonse, amangoyang'anana. D&D yakale inali ndi yankho lomwe anthu ambiri sadziwa masiku ano: XP (mapointi okwezera level) yambiri inkachokera ku golide, ndalama imodzi ya golide yomwe mwatulutsa m'phanga inali XP imodzi, ndiye wosewera aliyense ankadziwa chomwe akufuna popanda GM kumuuza, ndipo kuzemba chilombo nkuba chuma chake kunali kwanzeru kuposa kumenyana nacho. Mu 5th edition XP imachokera kwambiri ku zilombo kapena GM amangokweza level pa milestone, nkhani ikafika pofunika, ndiye injini ija palibe, mukuyenera kuipanga nokha, kaya ndi ngongole yomwe gulu lili nayo, kaya ndi m'bale wotayika, kaya ndi malo omwe akufuna kumanga. Sandbox yopanda njala ya chinachake imasanduka kuyendayenda basi.

Pali mtundu wina wa sandbox womwe unapangidwira vuto lomwe tonse timalidziwa, loti anthu akuluakulu sapezeka tsiku limodzi. Ben Robbins analemba za West Marches mu 2007. Panalibe tsiku lokhazikika, panalibe gulu lokhazikika, osewera anali oposa khumi ndipo iwowo ndi amene ankagwirizana kuti ife anayi tikupita kumalo akuti tsiku lakuti, kenako nkumupempha GM. Tauni inali malo a mtendere opanda adventure, zonse zinali kutchire, ndipo magulu ankagawana mapu ndi nkhani za zomwe apeza. GM amadziwiratu komwe akupita ndiye amakonza malo amenewo okha. Zimayenda bwino zedi ngati muli ndi osewera ambiri otakataka, koma ngati ali anthu odikira kuitanidwa, gulu lochezera la pa Discord limangozizira mpaka kufa, ndipo session iliyonse imayenera kuthera ku tauni, zomwe zimavuta ngati nkhondo yatalika.

Tsopano njira yomwe ine ndimaikonda, ndipo ndikhalitsapo. Mmalo molemba zomwe zidzachitike, mumalemba mmene zinthu zilili panopa: ndani akufuna chani, ali ndi zida zanji, ndipo achita chani ngati palibe womuletsa. Alexander yemwe uja amaiphunzitsa kwambiri, ndipo Apocalypse World ya Vincent Baker ndi Meguey Baker, ya 2010, inaiika m'malamulo enieni ndi zomwe inkazitcha ma front, ndi langizo loti GM azisewera kuti naye aone chomwe chichitike. Blades in the Dark ya John Harper, ya 2017, inafalitsa mawotchi: mumajambula bwalo nkuligawa zigawo 4, 6 kapena 8, ndipo chinthu chikamayandikira mumadetsa chigawo chimodzi chimodzi.

Ndipereke chitsanzo changa. Tauni ya padoko. Mkulu wa doko ali ndi ngongole yaikulu kwa gulu la ozembetsa katundu ndipo akufuna kuibisa mpaka mwana wake atakwatiwa ku banja lolemera. Mtsogoleri wa ozembetsa akufuna nyumba yosungiramo katundu ya nambala 9 chifukwa pansi pake pali ngalande yakale yotulukira kunja kwa linga. Wansembe wa kachisi wa kunyanja akudziwa kuti mu ngalandemo munatsekeredwa chinthu chomwe sichiyenera kutuluka, koma palibe akumukhulupirira chifukwa ananamapo kale. Wotchi ya ozembetsa ili ndi zigawo 6: awopseza mwini nyumbayo, awotcha nyumba yoyandikana nayo, agula alonda, alanda nyumbayo, aboola khoma, chinthu chija chatuluka. Zonsezi zikukwana pa pepala limodzi. Palibe paliponse pomwe ndalemba kuti osewera adzachita chakuti.

Ndiye taonani zomwe zimachitika akapotoka. Agwirizana ndi ozembetsa? Bho, wotchi ithamanga ndipo wansembe asanduka mdani wawo. Apha mtsogoleri wa ozembetsa session yoyamba? Ngongole ya mkulu wa doko sinafe, wachiwiri wake wa malemuyo aitenga, ndipo mwina iyeyo ndi woopsa kuposa bwana wake. Anyalanyaza zonse nkupita kukasaka chuma kumapiri? Akabwerako apeza nyumba yapsa ndi alonda atsopano padoko, ndipo amva okha kuti dziko limayenda olo iwo kulibe. Pepala lija silinatayike mu njira iliyonse. Ndipo pakati pa ma session ntchito yanu ndi kungodzifunsa kuti, poona zomwe osewera achita, aliyense wa anthu atatuwa atani tsopano? Mphindi makumi awiri kapena atatu zimakwana nthawi zambiri.

Ili ndi zovuta zake, ndisakubisireni. Imafuna kuti muziganiza pompopompo, chifukwa simudziwa chochitika chotsatira, mumangodziwa anthu. GM amene mutu umaima akafunsidwa mwadzidzidzi adzavutika ma session oyamba, ngakhale luso limeneli limakula msanga ukawadziwa bwino ma NPC ako. Mathero nawo sabwera okonzeka bwino ngati a nkhani yolemba. Pena mdani wamkulu amafa mu kanjira kamdima ndi muvi umodzi wamwayi, osati pamwamba pa nsanja, ndipo mukuyenera kuvomera kuti chochitika chokongola chomwe munachilota sichidzaseweredwa. Komanso magulu akachuluka, asanu ndi awiri, asanu ndi atatu, aliyense ndi wotchi yake, mumabwerera ku ntchito yambiri yomwe munkaithawa, ndipo osewera amasokonezeka kuti ndani ndi ndani. Atatu ndi okwanira poyamba. Wachinayi abwere wina akagwa.

Njira yomaliza ndi kubwera pafupifupi chimanjamanja nkupanga zonse pa tebulo. Pali ma GM amene amachita izi mochititsa kaso, koma ukayang'anitsitsa umapeza kuti ali ndi zaka zambiri za nkhani m'mutu, komanso nthawi zambiri akugwiritsa ntchito gemu yomwe imawathandiza. Mu magemu a banja la Apocalypse World wosewera amaponya 2d6 (madayisi awiri a mbali 6) nkuwonjezera nambala yake: 10 kupita mmwamba wapambana, 7 mpaka 9 wapambana koma pali mtengo wolipira, 6 kutsika GM achitepo kanthu. Ndi +1, mwayi wogwera pa 7 mpaka 9 ndi 16 pa 36, kuposa mbali zina ziwirizo zomwe zili ndi 10 pa 36 iliyonse, kutanthauza kuti dayisi yokha imakhala ikubala mavuto atsopano ndipo GM amangowatsatira. GM saponya nkomwe dayisi mu Apocalypse World. Kuwonjezera apo mumawafunsa osewera: iwe unakulira mu tauni ino, ndani amene sukufuna kukumana naye? Yankho lake ndi NPC wanu wotsatira. Paja mutu umodzi susenza denga, ndipo wosewera sangaiwale mdani amene anamupanga yekha.

Yesani zomwezo mu Pathfinder 2nd edition ya 2019 muone kusiyana. Kumeneko aliyense ali ndi ma action atatu pa turn, malo omwe waima ali ndi tanthauzo, manambala a chilombo amayenera kugwirizana ndi level ya gulu, ndipo kupeka mdani pompopompo popanda stat block (manambala ake olembedwa kale) kumatha ndi nkhondo yosakoma kapena gulu lonse kufa. D&D 5th edition ili pakatikati, mutha kupeka DC (nambala yomwe wosewera akuyenera kufikira akaponya) mosavuta, 10 chophweka, 15 chapakati, 20 chovuta, koma nkhondo yabwino imafunabe kukonzeratu. Ndiye funso la gemu yanji lija limabwereranso apa: gemu ikakhala ya nkhondo zowerengetsera, kupeka kumadula. Vuto lina la kupeka ndi kuiwala. Dzina lomwe munapatsa mwini nyumba ya alendo mwezi watha osewera amalikumbuka, inu ayi, ndipo dziko likayamba kusinthasintha amazindikira kuti pansi palibe kanthu, zinsinsi zake zimasiya kuwakoka. Ngati mukupeka, lembani manotsi session ikangotha musanagone, kapena pemphani wosewera mmodzi akhale mlembi.

Pakati pa kupeka ndi kukonza pali njira ya Mike Shea, mu Return of the Lazy Dungeon Master ya 2018. Ili ndi masitepe 8 koma awiri ndi omwe ndimaona kuti aliyense atha kuwatenga. Loyamba, konzani poyambira pamphamvu, chinthu chomwe chikuchitika mphindi yoyamba ya session kuti anthu asayambe ndi kuyasamula. Lachiwiri, lembani zinsinsi ndi ma clue khumi, chiganizo chimodzi chimodzi, koma osalemba komwe zipezeke. Osewera akafunsa wamalonda, chinsinsi chituluke mkamwa mwake, akathyola bokosi, chikhale mu kalata, akawerenga zolemba pakhoma, chikhale pamenepo. Wina atha kufunsa kuti kodi izi sizofanana ndi chilombo chodikira mbali zonse za msewu chija? Ine ndimaona kusiyana. Chilombo chija chimafafaniza chisankho cha osewera, pomwe chinsinsi choyendayenda chimawapatsa nzeru zoti asankhire bwino, ndipo zomwe achite nazo ndi zawo.

Kanthu kena komwe kamasintha masamu onsewa ndi komwe mukusewerera. Pa tebulo lenileni mapu a nkhondo mutha kujambula ndi pensulo mu mphindi imodzi, kapena kungofotokoza pakamwa popanda mapu ngati adani ndi ochepa. Pa intaneti, mapulogalamu osewerera ngati Roll20 yomwe inayamba mu 2012 kapena Foundry VTT ya 2020 zimakukokerani ku kukonza mapu okongola, makoma, kuwala, ma token (tizithunzi toimira ma character pa mapu), ndipo ola lomwe mwathera pa mapu amodzi limasanduka chifukwa chowakankhira osewera kumeneko. Ndi njanji yolowera pakhomo lakuseri. Ngati mukufuna ufulu wa sandbox kapena wa ma front pa intaneti, sungani mapu angapo wamba, nkhalango, msewu, chipinda, phanga, ndi tsamba loyera lojambulapo.

Ndipo njira iliyonse mwa izi imagwa ngati simunakambirane ndi gulu musanayambe. Session zero ndi pomwe mumanena poyera kuti iyi ndi sandbox, mukuyenera kubwera ndi zofuna zanu, kapena iyi ndi nkhani ya m'buku, chonde pangani ma character amene ali ndi chifukwa chovomera ntchitoyo. Ndi pomwenso mumagwirizana zinthu zomwe sizilowa mu gemu, ndi chida ngati X-Card ya John Stavropoulos, khadi lomwe aliyense atha kuligwira kuti chinthu chomusowetsa mtendere chichotsedwe popanda kufunsidwa chifukwa. GM wopeka amachifuna kwambiri chida chimenechi kuposa wa buku, chifukwa palibe anawerengeratu zomwe zituluke mkamwa mwake.

Ndiye ndani atenge iti? Ngati ndi koyamba, tengani buku laling'ono la malo, osati la masamba mazana awiri, liwerengeni kawiri, kenako tengani pepala mulembe anthu atatu ofunika m'bukumo ndi zomwe aliyense akufuna. Mwasandutsa buku kukhala ma front, ndipo osewera akatuluka m'masamba mudzakhala ndi poponda. Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, lembani mzere wowongoka koma muike njira zingapo zodutsira chotchinga chilichonse, ndipo mathero muwasiye otseguka. Ngati muli ndi anthu khumi osapezeka nthawi imodzi ndipo pakati pawo pali awiri atatu okonda kukonza zinthu, West Marches. Ngati mumakonda kujambula mapu kuposa china chilichonse ndipo gulu lanu limakonda kufufuza, hexcrawl idzakusangalatsani zaka, bola muyambe ndi kadera kakang'ono. Kwa ena tonse, a ntchito ndi mabanja, amene tili ndi ola limodzi pa sabata lokonzekera ndi gulu lomwelo la anthu anayi kapena asanu, ndingasankhe ma front atatu, wotchi imodzi kapena ziwiri, zinsinsi khumi, mndandanda wa mayina makumi awiri osagwiritsidwa ntchito, ndi ma stat block a adani omwe angathe kumenyana nawo sabata imeneyo.

Ndipo session ikamatha, anthu asanayambe kulongedza madayisi, afunseni kuti ulendo wamawa mukufuna kupita kuti ndipo mukukachita chani. Agwirizane pompo, mulembe. Atha kusintha maganizo, zimachitika, koma nthawi zambiri sasintha, ndipo ola lanu limodzi lija mulithera pa malo omwe akupitadi.